Womanga Ndiye Amasula

Ku wodi ya amuna, m'chipatala cha odwala matenda a maganizo, kunali lamulo limodzi limene silinalembedwe pakhoma lililonse, koma ngakhale wokolopa pansi ankalidziwa pamtima. Lamulolo linkati womanga ndiye amasula. Ukamangirira wodwala pabedi, munthu ameneyo ndi wako mpaka utam'masula ndi manja ako omwe. Mnzako atha kudutsapo kangapo, kumumva akubuula, koma nsalu yako saikhudza. Amati lamuloli linabadwa kalekale, nesi wina atamvera chisoni wodwala womangidwa ndi anzake n'kum'masula, wodwalayo n'kukaphwanya mnzake mutu ndi mpando. Mlandu wonse unagwera womasulayo, ntchito n'kumuthera. Kuyambira pamenepo chisoni cha pa wodiyo chinaphunzira kuyenda manja ali m'thumba.

Pa nkhani yomanga panalibe wofanana ndi Dzanjalimodzi. Sanali nesi kapena dokotala. Anali wothandiza pa wodi, uja amasambitsa odwala, kuwameta, kuwagawira chakudya, ndi kuwagwira zinthu zikavuta. Dzinali anam'patsa chifukwa tsiku lina anagwira mwamuna wolusa ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi kapu ya tiyi, tiyiyo osatayika ngakhale dontho. Chinali chimunthu chachitali, cha mimba yotsogola, choseka mokweza. Musamuyese wankhanza, chifukwa sanali wotero. Anali asanamenyepo wodwala chiyambire ntchito, ndipo ankanyadira zimenezi monga ena amanyadira kuti mowa sanaulawepo. Iye ankangomanga basi. Ankang'amba m'litali nsalu zakale zoyala pabedi, n'kuzipota ngati chingwe, ndipo mfundo yake inali ya mtundu uja woti ukamakoka m'pamene ikulimba.

"Si ine ndikukumanga," ankawauza odwalawo mwansangala. "Ukudzimanga wekha ndi kukokako."

Mwa odwala onse, amene ankamvana naye kwambiri anali Telala, kabambo kochepa thupi ka imvi zapatalipatali, amene asanadwale ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Matenda ake ankabwera n'kupita ngati mvula. Akakhala bwino ankayeza aliyense ndi zala, ngakhale dokotala, n'kumuuza kuti jekete yake inasokedwa ndi munthu wam'mimba mwaphokoso. Singano inali yoletsedwa pa wodi, koma masana Dzanjalimodzi ankam'bwereka yake, iye atakhala pambali kumuyang'anira, moti mabatani a mayunifolomu onse a pa wodiyo anali ntchito ya Telala. Awiriwa ankaitanana alamu. Chibale chake chinali chongopeka. Telala ananena tsiku lina kuti akachira adzakwatira mlongo wake wa Dzanjalimodzi kuti akhale mkazi wachiwiri, ndipo Dzanjalimodzi, amene analibe mlongo n'komwe, anavomera ndi manja awiri.

"Alamu, mlongo wanu uja akundidikirabe?" Telala ankafunsa m'mawa uliwonse.

"Akudikira, alamu. Wangoti muyambe mwanenepa kaye."

Ndiye kunabwera uthenga woti mu holo ya chipatala muchitika maphunziro a ufulu wa anthu, a tsiku lathunthu, ndipo aliyense wogwira ntchito ndi odwala apezekepo. Inu mukudziwa mmene timachitira kukamabwera alendo. Tsache limene linasowa chaka chatha limapezeka. Makoma anapakidwa laimu, makatani anatuluka m'mabokosi, odwala anametedwa onse ngakhale amene analibe ndevu. A Sisita, amene ankayang'anira wodi ya amuna, anali mayi woopa manyazi kuposa imfa, ndipo sabata yonseyo sanakhale pansi. M'kabati mwawo munkakhala malamba enieni omangira odwala, ofewa, okhala ndi thonje m'kati, oti munthu angathe kuwamasula ndi chala chimodzi. Malamba otero analipo a bedi limodzi lokha, ndipo chifukwa analipo a bedi limodzi lokha, sankagwira ntchito, poopa kuti angade. M'mawa wa tsikulo a Sisita anawatumiza ku holo kuti akakhale patebulo, alendo akaone kuti chipatalachi n'chotsogola.

Tsoka sasimba, tsiku la maphunzirolo linali lomwe abale amadzaona odwala. A Sisita anagamula kuti abalewo adikire panja pabenchi mpaka maphunziro atatha, popeza panalibe wowayang'anira m'kati. Telala anali atasamba kale m'mamawa, kupesa imvi zake ndi madzi, n'kuima pachitseko chachitsulo cha wodi kudikira mkazi wake. Atamuuza kuti lero alendo salowa msanga, poyamba anaseka, kuyesa nthabwala. Kenako anasuzumira pampata wa chitseko, n'kuona nsalu imene ankaidziwa.

"Mkazi wanga uyo! Ali pabenchi apo! Titsegulireni, angondiona basi!"

Anayamba kumenya chitsekocho ndi zikhatho. Chitseko chachitsulo sichidziwa kunong'ona, ndipo holo inali pafupi, kungodumpha kabwalo ka udzu. A Sisita anatulukira m'khonde nkhope ili gwaa.

"A Dzanjalimodzi, galimoto ya alendo yalowa kale pageti. Anthu abwera kudzatiphunzitsa za ufulu, ndiye chinthu choyamba kumva chikhale chimenechi? Chitanipo kanthu, bambo."

Anachitapo kanthu. Nesi anabwera ndi jakisoni wogonetsa, Dzanjalimodzi ndi anzake awiri ananyamula Telala kupita naye kuchipinda chakumapeto kwa khonde, chija chili ndi bedi limodzi lachitsulo, kawindo kam'mwamba, ndi kabowo pachitseko kosuzumirapo. Kabamboko kanalimba modabwitsa. Kanagwira Dzanjalimodzi pakhosi pa yunifolomu, batani lapamwamba n'kuduka, kenako kanayamba kulavula malovu. Pa wodiyo wolavula ankamugoneka chafufumimba, kuti azilavulira matiresi. Dzanjalimodzi anamangirira manja kumutu kwa bedi, miyendo kumapazi, n'kudutsitsa nsalu ina pamsana kuti asamadzuke. Anagwira ntchitoyo mwaluso ndi mwachangu, monga mwa masiku onse.

"Alamu," Telala anatero, tsaya lili pamatiresi. "Alamu, mpweya. Sindikupuma bwino."

"Munthu wosapuma salankhula, alamu," anayankha Dzanjalimodzi akupukuta nkhope. Mawuwa ankawanena kawirikawiri, moti pa wodi anasanduka mwambi. "Gonani pang'ono. Pa nthawi ya tiyi ndibwera kudzakumasulani, mundisokere batani mwadulali."

Anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la buluku. Pa wodi anasiyapo nesi mmodzi yekha, woyembekezera, mimba itatopa, amene anam'sankha chifukwa sakanatha kukhala tsiku lonse pampando wouma wa mu holo. Iyeyo anatsala ndi amuna onse aja m'chipinda chochezera cha kutsogolo, wailesi ikulira.

Mu holo munali fungo la laimu ndi polishi. Mipando anaiika m'mizere, madokotala kutsogolo, manesi pakati, othandiza ndi okolopa kumbuyo, ngati kuti wina anachita kuwauza. Wophunzitsa anali mayi wamagalasi wolankhula motsitsa mawu. Anabwera ndi bambo wina wowonda amene anangokhala phee pakona, atavala malaya a mikono yaitali omanga mpaka m'manja, kunja kukutentha chotero. Aliyense anangoti ameneyo ndi dalaivala.

Mayiyo anayamba bwino. Ananena kuti wodwala maganizo ndi munthu ngati wina aliyense, kuti ayenera kuitanidwa ndi dzina lake, kufunsidwa maganizo ake, kusamba popanda khamu lomuonerera, kuonana ndi abale ake. Anthu ankagwedeza mitu mwaulemu. Kugwedeza mutu ndi ntchito imene tonse timaitha. Dzanjalimodzi anatambasula miyendo kumbuyo kuja, dzanja litaphimba pakhosi pamene panaduka batani, n'kumaganiza kuti mayiyu ayesere kugwira ntchito pa wodi sabata imodzi yokha, aone ngati mawu ake otsitsawo angakhale otsitsabe.

Apo m'pamene mawu analowa pawindo.

"Alamuuu!"

Anachokera kutsidya kwa kabwalo, kukawindo kam'mwamba kaja. Mu holo simunatembenuke munthu. Madokotala anayang'ana mapepala awo, manesi anayang'ana madokotala. A Sisita anadzuka mwakachetechete, n'kukatseka windo ngati akuthawitsa alendo kumphepo.

"Kodi akuitanayo ndani?" anafunsa mayi wamagalasi.

"Ndi wodwala wathu wina, mayi," anatero a Sisita akumwetulira. "Amakonda kuimba."

Anthu anaseka kuseka kwaulemu. Bambo wa malaya aatali mikono sanaseke. Anangopendeketsa mutu, khutu kuloza kuwindo lotsekalo, n'kukhala chomwecho. Dzanjalimodzi anamuona, ndipo sizinamusangalatse. Dalaivala wanji womvetsera za eni?

Windo lotseka silinawaletse mawuwo. Ankabwerabe, koma motalikirana. Kenako anasiya kukoka kuja, n'kumangoti "alamu" mwachidule, ngati munthu amene akuitana ali ndi katundu wolemera pamutu. Nthawi ya tiyi isanakwane analekeratu. Dzanjalimodzi sanazindikire n'komwe kuti aleka liti. Anangoona kuti mapewa a anzake atsika, ndipo a Sisita ayamba kulemba zimene mayi uja ankanena.

Pa tiyi Dzanjalimodzi anali ndi cholinga chopita kukamasula Telala, zimenezo tisam'namizire. Anatenga kapu yake ndi sikono, n'kuyamba kulowera kukhomo. A Sisita anam'peza pomwepo.

"Mwamva?" ananong'ona, chala chili m'mwamba. "Zii. Jakisoni wagwira. Mwagwira ntchito, bambo." Kenako anakweza mawu. "Alendo akufuna matiresi a sewero lawo. Katengeni kumosungira katundu, musankhe oyera."

Anapita kukatenga matiresi. Podutsa pakabwalo anaima pang'ono, n'kutchera khutu kukawindo kam'mwamba. Kunalidi zii. Mtima wake unakhala pansi. Anadziuza kuti kudzutsa munthu amene wangogona kumene n'kumulakwira, ndipo Telala akadzuka masana adzakhala wofatsa, adzaona mkazi wake ali bwinobwino. Maganizowo anali okoma, ndipo anabwerera nawo mu holo matiresi ali paphewa.

Tiyi atatha, mayi wamagalasi sanaimenso kutsogolo. Amene anaimirira anali bambo wowonda uja. Sanapereke moni wautali. Anamasula mabatani a m'manja mwa malaya ake, n'kupinda mikono pang'onopang'ono mpaka m'zigongono, kenako anakweza manja kuti aliyense aone. Kuzungulira dzanja lililonse kunali chipsera chotuwa, chonyezimira, chokula ngati chibangili.

"Ine si dalaivala," anatero. "Ndinagonapo m'chipatala ngati chino, kawiri. Izi anandipatsa anthu abwino, okonda kuseka, amene ankandigawira ngakhale fodya wawo. Palibe mmodzi mwa iwo amene ankadana nane." Anayang'ana mizere yonse mpaka kumbuyo. "Kuno amene amadziwa kumanga ndani?"

Holo inachita ngati yamasuka. Zala zonse zinaloza kumbuyo.

"A Dzanjalimodzi! Amenewo ndiye akatswiri!"

"Bwerani, akulu," anatero bamboyo. "Lero ogona ndinu."

Anthu anafa nalo phwete. Dzanjalimodzi sanali munthu wokana kuseketsa anthu. Anapita kutsogolo akudzigwedeza, maso atatuzula, akubwebweta zinthu zosamveka monga ankaonera odwala, ndipo ngakhale madokotala anapukuta misozi. Anzake anayi a pa wodi anadzuka kukam'gwira. Mmodzi anatenga malamba ofewa aja patebulo, koma mlendoyo anamuletsa. Anawanyamula, kuwanunkhiza, n'kuwabwezera pomwepo.

"Awa akununkhabe sitolo," anatero. "Asiyeni apume. M'gwireni mmene mumagwirira masiku onse, alendo kulibe."

Anzakewo anayang'anana, kenako manja awo anachita zimene anazolowera. Anam'gwetsera pamatiresi chafufumimba. Awiri anakokera manja kumutu, wina anakhalira miyendo, wachinayi anaika bondo pamsana, osati mwankhanza, bondo wamba la tsiku ndi tsiku.

Poyamba Dzanjalimodzi ankaseka nawo. Kiyi ya m'thumba ija inkam'baya pantchafu, n'kumafuna kusuntha kuti aichotse, koma panalibe posunthira. Chimimba chake chija chinakankhikira m'mwamba, m'chifuwa. Anatulutsa mpweya ndi kusekako, ndipo atafuna kuukokanso, unangobwera pang'ono, ngati madzi a pampopi wotsala pang'ono kuuma. Anakokanso. Nthiti zinafuna kutambasuka, koma pamwamba panali bondo, pansi panali matiresi. Matiresiwo ankanunkha nkhungu, ndipo mphuno yake inali momwemo.

"Basi, anyamata," anatero. "Ndisiyeni."

"Tamumvani wodwala!" anakuwa wina kumbuyo. "Gwirani zolimba!"

"Ndikunena zoona. Sindikupuma."

"Koma a Dzanjalimodzi sewero amalitha!" anatero nesi wina akudzigwira m'nthiti.

Mnzake wa bondo uja anawerama, n'kunena mokweza kuti holo yonse imve, akutsanzira mawu a mwini wake: "Munthu wosapuma salankhula, alamu!"

Chikhakhali chake chinagwedeza mawindo. Dzanjalimodzi anachita mantha, mantha enieni, amene anali asanawamvepo chikulire. Anayesa kudzikoka, koma kukokako kunangodya kampweya kamene anali nako. Anafuna kukuwa, mawu n'kutuluka aafupi, oduka. M'makutu munayamba kulira, kuseka kwa anthu kunapita kutali, m'maso munayamba kuyenda timadontho takuda. Ndiye anachita chimene thupi linamuuza. Analeka kulimbana, analeka kulankhula, anangoti zii, kusunga kotsalako.

"Mwaona, wafatsa," anatero wa bondo uja monyadira.

"Mulekeni! Tsopano!" Mawu a mlendoyo anang'amba holo, ndipo anayi aja anadumphira kumbali.

Dzanjalimodzi anagubudukira chagada, kukamwa kuli yasa, akukoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Kuseka kunazima pang'onopang'ono anthu ataona nkhope yake. Mayi wamagalasi anam'patsa madzi, n'kutembenukira kwa anthu. Mawu ake anali otsitsa ngati kale, koma tsopano aliyense ankawamva.

"Bambowa anakuuzani kuti sakupuma, ndipo ankanena zoona. Munthu amalankhula ndi mpweya wotuluka. Chimene chimavuta akagona chafufumimba, china chake chikum'panikiza pamsana, ndi kuukokera m'kati. Mawu alionse amene akunena akuwononga wotsalawo. Awa ndi bambo amphamvu, sanabayidwe kalikonse, ndipo agona kanthawi kochepa. Ganizirani munthu wofooka, wobayidwa jakisoni wogonetsa, ali yekha m'chipinda. Wodwala wokuwa musamamuope, anzanga. Muziopa amene anali kukuwa, kenako n'kungoti zii."

Akuluakulu anati wamisala adaona nkhondo. Bambo wa zipsera uja anali akutsitsa mikono ya malaya ake, ndipo anafunsa osayang'ana munthu aliyense, ngati akudzifunsa yekha.

"Woimba uja waleka kale kuimba, eti?"

Dzanjalimodzi anali chikhalire pamatiresi. Dzanja lake linapita pakhosi, pamene panalibe batani, kenako linatsikira pantchafu, pamene kiyi inasiya ululu. Thupi lonse linachita tsemwe. Anadzuka, n'kulunjika kukhomo. A Sisita anafika pakhomopo iye asanafike.

"Mukupita kuti?" ananong'ona mano ali pamodzi. "Akuti tijambulitse chithunzi, kenako masatifiketi. Musatichititse manyazi."

"Ndikamasule, mayi."

"Nesi ali komweko. Akaona chovuta atiuza."

"Mayi," anatero Dzanjalimodzi, n'kutulutsa kiyi m'thumba kuwaonetsa. "Womanga ndiye amasula."

A Sisita anayang'ana kiyiyo. Lamulolo ankalidziwa bwino, pakuti iwo omwe ankaliphunzitsa kwa obwera kumene. Koma ngakhale pamenepo maso awo anathamangira kwa alendo kaye, ndipo popatuka pakhomo ananong'onanso.

"Pitani. Koma musathamange, akutiona pawindo."

Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti anamvera. Anadutsa kabwalo konse kaja akuyenda bwinobwino, manja ali m'mbali, ngati munthu wopita kukataya madzi. Dzuwa linali paliwombo. Kukawindo kam'mwamba kunali zii yemwe uja, amene pa tiyi anamukhazika mtima pansi. Atangokhota pakona pamene a mu holo sakanamuona, anathamanga.

Pabenchi ya panja pa wodi panali patatsala munthu mmodzi. Abale ena anali atatopa n'kupita kukafuna mthunzi, koma mayi uyu anakhalabe, jumbo lili pamiyendo. Atamuona anaimirira, n'kupinda mawondo mwaulemu.

"Pepani bambo, kodi si inu alamu aja? Ndakudziwirani msinkhu. Amuna anga amakutchulani nthawi zonse, akuti mukuwasungira mkazi wachiwiri." Anaseka pang'ono, mwamanyazi. "Ndinawamva m'mawa akukuitanani, mtima unandipweteka. Koma atakhala chete ndinati basi, alamu awo afika, awatonthoza. Ndawabweretsera malaya ochapa ndi nthochi."

Dzanjalimodzi analunjika pakhomo la wodi. Kiyi ya chitseko chachitsulo inakana kulowa kawiri konse, ili m'dzanja lomwe lija ankati silitaya tiyi.

"Dikirani pang'ono, mayi," anatero pomaliza, osawayang'ana.

M'chipinda chochezera wailesi inali yozimitsa. Amuna onse aja, amene nthawi ngati imeneyi amakhala akukangana, kuyendayenda, kapena kupempha fodya, anali ataima chiimire, nkhope zonse zitaloza kukhonde lopita kuchipinda chakumapeto. Atamuona anapatuka okha, kum'siyira njira. Nesi woyembekezera anadzuka pampando movutikira, dzanja lili m'chiuno.

"Mwachita bwino kubwera," anatero. "Anthuwa andisowetsa mtendere, akuti ndikatsegule, ndikatsegule. Ine ndawauza kuti kiyi ili ndi inu, komanso mwamanga ndinu. Ndinakasuzumira pakabowo. Agona bwinobwino."

Khondelo linali lalifupi masiku onse, koma tsikulo linatalika. Anatsegula. M'chipindamo munali kutentha ndi fungo la mkodzo. Telala anali mmene anamusiyira, koma nkhope sinalinso cham'mbali. Inali italowa m'matiresi, imvi zopesa ndi madzi zija zili nyankhalala.

"Alamu," anaitana Dzanjalimodzi, mawu akuyesa kuseka. "Dzukani, alamu. Mlongo wanga wabwera."

Anagwada, n'kugwira mfundo ya kudzanja. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi, mfundo zake zinkamumvera, ankadziwa pokokera kuti zimasuke. Iyi inakana. Inali itachepa n'kuuma gwa ngati mwala, nsalu italowa m'mnofu, ndipo iye yekha, mwini luso, ndi amene akanatha kuwerenga pa mfundoyo kuti munthuyu anakoka motani, ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Anakuwa kuti am'patse sizasi. Nesi anayankha ali m'khonde kuti zinthu zonse zakuthwa zili m'kabati mwa a Sisita, ndipo kiyi yake ili ndi iwo ku holo. Ndiye anaweramira pomwepo n'kuyamba kuluma nsaluyo ndi mano, akulira ngati mwana, mpaka inaduka, kenako inayo, kenako ya pamsana.

Anam'tembenuza. Kabamboko kanali kopepuka m'mawa, koma tsopano kankalemera. Milomo inali itada. Anaika khutu pachifuwa, n'kumva mtima wake womwe ukugunda m'khutumo, wa Telala ayi. Anayesa kum'popa pachifuwa monga anaonera madokotala akuchita, anam'puzira mpweya m'kamwa, anam'gwedeza, anamuitana ndi dzina lake lenileni, limene anali asanalitchulepo. Nesi anasuzumira pakhomo, anagwira pakamwa, n'kuyamba kuthamanga mmene akanathera kukaitana dokotala. Madokotala onse anali ku holo.

Telala anali atapita kale, thupi litayamba kuzizira. Dzanja lake lamanja linali lofumbata. Dzanjalimodzi analitambasula chala chimodzichimodzi, ndipo m'katimo munali batani la yunifolomu, kaulusi kakulendewerabe. Munthuyo analisunga, pakuti anauzidwa kuti pa nthawi ya tiyi adzalisokerera.

Kutsidya kwa kabwalo anthu anayamba kuwomba m'manja. Anali atayamba kupereka masatifiketi, ndipo pakati pa kuwombako Dzanjalimodzi anamva akuitana dzina lake, n'kuliitananso.

Pothamanga paja, chitseko chachitsulo anachisiya chosakhoma. Anamva mapazi ofewa m'khonde, ndi kulira kwa jumbo. Mapaziwo anaima pakhomo. Chimsana chake chinatchinga bedi lonse, moti woima pamenepo ankangoona mapazi a munthu wogona.

"Agona?" ananong'ona mkazi wa Telala. "Ngati agona musawadzutse, alamu. Ine ndidikira."

Dzanjalimodzi sanacheuke. Anakhalabe chogwada pomwepo, batani lili m'manja. Mayiyo anakhala pansi pakhomopo, anatulutsa malaya ochapa aja m'jumbo, n'kuyamba kuwapinda bwino pamiyendo kuti asachite makwinya.